Kaseti Yachinayi ya Amayi

Jeju, 9 Epulo 1989

Tae-ik mlongo wanga,

Uli bwanji ku Seoul? Chifuwa chija chinatha? Kuno tilipo, mphepo yokha ndiyo sikutipatsa mtendere. Alamu ako a Sang-gil akupereka moni. Apongozi anga, bambo awo a Sang-gil, akuti uzidya, unabwera woonda pa Chaka Chatsopano.

M'katoni ya ndere zouma ndatumizayo ufufuze pansi penipeni, muli makaseti anayi okulunga m'thaulo. Wailesi yojambulira mawu unandisiyira ija sinandivute. Anandivuta ndi amayi. Tsiku loyamba anangoiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana ameneyu ndinamira m'nyanja kusaka nkhono zaka zonsezi kuti akaphunzire kuyankhula ngati anthu a kumtunda. Lero akufuna chiyankhulo chomwe aphunzitsi ankamukwapulira?"

Ndinati, "Amayi, akuti ku yunivesite chiyankhulo chathu cha pachilumba n'chuma."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Chuma? Auze abwere ndi ngolo, ndili nacho chambiri, chikungowola m'kamwamu."

Koma atayamba sanafune kuleka. Pa makaseti atatu pali mayina a mphepo, a mafunde, a nkhono, ndi nyimbo zopalasira bwato. Yachinayi sindikudziwa zomwe zilipo. Tsiku limenelo ndimayenera kukapopera mankhwala kumunda wa manachesi, ndiye anati, "Iwe pita, chisiye chizizungulira, ndicheze ndi mwana wanga." Pobwera ndinapeza aitulutsa okha, aimanga ndi ulusi. Mwina akukudandaulira zoti sukukwatira.

Usaimbe foni, ukudziwa kuti ili m'chipinda cha apongozi. Lemba.

Mlongo wako,
Gye-ok

Seoul, 24 Epulo 1989

Achemwali,

Katoni yafika. Ndili bwino, chifuwa chinatha. Mundiperekere ulemu kwa amayi, kwa alamu ndi kwa achikulire apongozi anu.

Ndamvera makaseti atatu, ndipo simukudziwa chimene mwanditumizira. Pa yachiwiri yokha amayi atchula mayina a mphepo omwe sindinawaone m'buku lililonse. Ndiye pali liwu lakale lija lomveka pakati pa "a" ndi "o", lomwe kumtunda kuno linafa kalekale n'kutsala m'mabuku a makolo okha. Amayi amalitulutsa bwinobwino ngati akuwerenga m'mabukumo, chonsecho sadziwa n'chilembo chimodzi chomwe.

Pulofesa Maeng, amene akuyang'anira kafukufuku wanga, anamvera ali chilili. Zaka zinayi ndakhala ndikuwanyamulira chikwama akumanditchula kuti "iwe wa pachilumba." Dzulo ananditchula dzina. Akuti ndikalemba bwino, mwina malo ophunzitsa apezeka chaka chamawa. Achemwali, ndatopa kukhala mwana wasukulu wa zaka makumi atatu ndi ziwiri, wogona m'kachipinda kopanda zenera.

Yachinayi ndiimvera Lamlungu. Muwafunse amayi mayina a zida zawo zonse zomirira, mundilembere monga akutchulira iwowo, musakonze.

Mng'ono wanu,
Tae-ik

Jeju, 20 Ogasiti 1989

Tae-ik,

Ngati uli moyo, moni. Iyi ndi kalata yachitatu chilembere iwe mu Epulo. Mayina a zida aja ndinatumiza mu Meyi, sunanene n'komwe kuti afika.

Ndikudziwa chachitika. Anzako ophunzira amvera amayi akuyankhula, aseka, iwe wachita manyazi. Unayamba kale khalidwe limeneli, uli ku sekondale, pomwe unawauza kuti asamaime pageti la sukulu chifukwa amanunkha nsomba. Kaya iwo anaiwala, ine ayi.

Amayi sakumiranso. Mu Juni anavuuka akusanza magazi, anzawo anachita kuwanyamula. Kuchipatala cha m'tauni akuti ndi m'mimba, ndipo tachedwa. Akungodya phala, masupuni atatu. Amene akukwera basi sabata ndi sabata kukawatengera mankhwala ndi apongozi anga, munthu wokalamba woti si m'bale wawo. Dzulo anabweretsa nsomba ya msuzi, anaisiya pakhomo, sanalowe. Chikhalire salowa m'nyumba mwa amayi, amayinso sawatulukira. Ulemu wa anthu akale umenewo.

Wa makalata akadutsa amayi amandifunsa kuti, "Wanena chiyani za yachinayi ija?" Ndimati sananene kanthu. Amati, "Eya, ndiye kuti wamva," n'kutembenukira kukhoma. Za inu awirinu sindikuzimvetsa ndipo ndilibe nthawi yozimvetsa. Bwera udzawaone.

Gye-ok

Seoul, 11 Seputembala 1989

Achemwali,

Pepani. Si manyazi, ndikulumbira. Ntchito yachuluka, ndipo pa chikondwerero cha zokolola sinditha kubwera, apulofesa akufuna ndimalize kulemba zonse za pa makaseti.

Ndili ndi mafunso, musawaone achilendo. Mukukhala bwanji m'nyumbamo? Apongozi anu anayamba akuchitiranipo nkhanza? Ukwati wanu anadzaufunsira ndani, alamu kapena bambo awo? Ndipo zala ziwiri za kudzanja lamanja la apongozi anuwo zinaduka chaka chanji?

Amayi muwauze kuti ndamva. Mawu okhawo.

Tae-ik

Jeju, 3 Disembala 1989

Tae-ik,

Moni sindikupatsa, ndinakuona masiku apitawa, uli bwinobwino.

Amayi anakudikira miyezi isanu. Unafika atamwalira, atawasambitsa kale. Izo ndikanakukhululukira. Koma zimene unachita pa maliro, ndikumachita kuzemba anthu panjira.

Bokosi anagula ndi apongozi anga. Manda anapereka ndi iwo, m'munda mwawomwawo, malo oyang'ana kunyanja. Ndiye mdala wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ananyamuka pamaso pa mudzi wonse, n'kugwira botolo la mowa ndi manja awiri kuti akuthirire iwe, mwana. Iwe unaphimba kapu ndi chikhatho, n'kuti, "Za m'manja mwanu sindimwa." Anaima pomwepo botolo lili m'mwamba mpaka alamu ako anadzawalanda. Sukulu imeneyi ndi yomwe amayi anavutikira m'madzi?

Mafunso ako aja ndinawanyoza, koma imva tsopano. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili m'nyumba ya a Hyeon, apongozi anga sanandikwezerepo mawu. Ukwati anadzafunsira ndi iwo, inde. Iwe sungadziwe, bambo ako anamwalira pamphasa ngati munthu. Anga anaphedwa nthawi ija ya asilikali, ine ndili m'mimba, ndipo mwana wa munthu wophedwa nthawi ija ankamuona ngati mwana wa woukira boma. Panalibe banja londifuna. Iwo anavala zovala zawo zabwino, anabwera, anagwada pabwalo pa amayi. Nditabereka Mi-ran, mwana wamkazi, sananene kanthu koipa, anamubzalira mitengo ya manachesi. Zala zawo zinadulidwa ndi chingwe cha bwato ali mnyamata, mwana aliyense kuno amadziwa.

Uwalembere kalata yopepesa. Osati kwa ine, kwa iwo.

Gye-ok

Jeju, 14 Epulo 1990

Alamu a Tae-ik,

Ndine Hyeon Sang-gil. Sindinakulemberenipo, ndipo kulemba sindikudziwa bwino, ndiye ndingonena.

Mphunzitsi wina wa kuno amalandira mabuku a ku yunivesite kwanuko. Anabweretsa limodzi ku ofesi ya alimi a manachesi. Muli nkhani yanu ndi Pulofesa Maeng, ya mawu a mayi wina wokalamba wa pachilumba. Anawerenga mokweza, anthu ali khumi ndi awiri, ine ndili pomwepo ndikudikira makatoni.

Dzina munafufuta, ndaona, mwaikapo timizere tiwiri. Koma mwalemba kuti asilikali atasonkhanitsa mudzi pabwalo la sukulu, amene ankaloza anthu oti aphedwe anali mnyamata wa dzanja lokulunga nsanza, zala ziwiri zitaphwanyidwa. Alamu, m'mudzi muno muli anthu angati a zala zitatu?

Mkazi wanga anazimva kwa amayi anzake omira nawo m'nyanja, pamoto pomwe amawothera akavuuka. Anabwera ndi zovala zonyowa, anaima pakhomo pa chipinda cha bambo, anafunsa kuti, "Bambo, munaloza bambo anga?"

Bambo anaika supuni pansi. Anati, "Ndinaloza. Anandigwira masiku atatu. Anati ndiloze anthu khumi, apo ayi amayi anga ndi ang'ono anga alowa m'dzenje. Bambo ako anali wachisanu ndi chitatu. Anaima kutsogolo, anali wamtali."

Mkazi wangayo sanalire, sanatukwane. Anatenga bulangete n'kupita kunyumba ya malemu amayi anu. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi. Bambo asamukira m'kanyumba kosungira makatoni kumunda, akuti sayenera kugona m'nyumba yomwe mkazi wanga amasesa. Mi-ran wasiya kupita kuntchito chifukwa cha maso a anthu.

Inenso sindinkadziwa. Ndinali ndi chaka chimodzi. Sindikuti bambo anga n'ngosalakwa. Ndikungofunsa kuti, musanauze dziko lonse, munalephera bwanji kukwera sitima kudzauza mlongo wanu?

Hyeon Sang-gil

Seoul, 22 Epulo 1990

Achemwali,

Alamu andilembera. Ndikupempha muwerenge mpaka kumapeto.

Pa kaseti yachinayi amayi anafotokoza za chisanu cha 1948, pamene asilikali ankatentha midzi posaka oukira amene anathawira kuphiri. Anafotokoza bwalo la sukulu, mzere wa anthu, dzanja lija likukwera, bambo anu akutengedwa kupita kumunda wa mbatata, iwo ali ndi pakati panu. Ndinamvera Lamlungu lija, ndipo kwa miyezi inayi cholembera chinkandikana. Ndikanakulemberani chiyani? Kuti munthu amene mumamuphikira katatu pa tsiku ndi ameneyo? N'chifukwa chake ndinakhala chete, n'chifukwa chake ndinakana kapu ija.

Mu Okutobala ndinawamveretsa apulofesa. Ndimafuna andithandize mawu ena ovuta basi. Atamva anati, "Mayina a mphepo angadikire. Ichi ndi mbiri ya dziko. Zaka makumi anayi boma latseka anthu pakamwa, tsopano pakamwa payamba kutseguka, iwe ukufuna kubisa mboni m'dirowa?" Ndinalimbana nawo mumtima, koma achemwali, sananame. Anthu masauzande anafa pachilumba pathu, ndipo kumtunda kuno ana asukulu sadziwa n'komwe. Nkhalamba zonse zikafa chete, adzati sizinachitike. Ndinadikira amayi atamwalira. Ndinafufuta mayina. Za zala ndinaganiza zochotsa, koma apulofesa anati umboni sauduladula, chifukwa zalazo zikusonyeza kuti wolozayo nayenso anazunzidwa. Sindinaganize kuti buku la akatswiri lingafike ku ofesi ya manachesi.

Mudzamva kwa ena, ndiye ndinene ndekha: kuyambira Malichi ndikuphunzitsa, malo aja anandipatsa. Musaganize kuti ndinachitira zimenezo.

Bambo anu anafa ngati galu, popanda wowalemba paliponse. Tsopano alembedwa. Tsiku lina mudzaona kuti ndinawachitira chilungamo.

Mng'ono wanu,
Tae-ik

Jeju, 2 Meyi 1990

Tae-ik,

Buku lija ndinabwereka, ndawerenga ndekha ndi chala. Ukuti bambo anga alembedwa. Alembedwa pati? Dzina lawo mulibe, muli "mwamuna wake woyamba." La amayi mulibe, muli "wofunsidwa, wamkazi, wa zaka 64, wosaphunzira." Mayina ndawaonamo awiri, ako ndi a Maeng, a zilembo zikuluzikulu.

Bambo anali anga, osati ako. Nyumba inali yanga. Iwe unalipo chiyani pa nkhaniyi, kupatula makutu?

Ndipo nkhani yako ikuyambira pakati. Amayi sankayamba nkhani choncho, ndawamvera zaka makumi anayi. Ankayamba ndi kutchula munthu amene akumuuza. Unditumizire kaseti. Ndinaigula ndine kusitolo, ndinailowetsa mu wailesi ndine. Ndikufuna kumva ndi makutu anga.

Gye-ok

Seoul, 30 Julayi 1990

Achemwali,

Makalata anu onse atatu ndinalandira. Sindimakana. Kaseti ili m'kabati yokhoma ya ku yunivesite, inalembedwa kale nambala ngati katundu wa kafukufuku, ndipo kiyi amasunga apulofesa. Apita kunja sabata ino, ndiye mlembi wawo wandilola kukopera. Ndi imeneyi.

Munalondola, koyambirira kuli mphindi zingapo zomwe sindinalembe m'buku. Ndinaona kuti ndi za m'banja, sizikhudza kafukufuku. Mukamva mudzandida. Ndaganiza zozifufuta pokopera, koma ndalephera.

Muli bwanji m'nyumba ya amayi? Denga lija silikudontha? Alamu mukuyankhulana? Mundiuze za Mi-ran.

Tae-ik

Ndinaiwala. Ndikudziwa kuti si nthawi yake, koma palibe wina woti ndimufunse. Pamene amayi akufotokoza momwe bambo anu anachewukira kuwayang'ana asanakhote pampanda wa miyala, pali mawu amodzi omwe akuwabwereza katatu. Mulibe m'buku lililonse. Ndafunsa nkhalamba za pachilumba zokhala kuno, palibe akuwadziwa. M'buku lija ndinangosiya mpata. Pa msonkhano wa mu Novembala adzandifunsa. Ngati mukuwadziwa, mundilembere tanthauzo lake.

Jeju, 28 Okutobala 1990

Kwa Aphunzitsi a Jwa Tae-ik,

Ndikukhulupirira kuti muli bwino, ndipo ophunzira anu akukunyamulirani chikwama.

Kaseti inakhala pashelefu miyezi iwiri. Ndinaimvera tsiku lomwe mafunde anatiletsa kulowa m'madzi. Mwina mwaiwala zili koyambirira, poti sizikhudza kafukufuku, ndiye ndikulembereni monga anatchulira iwowo, sindikonza.

Kukumveka chitseko, ndine ndikutuluka. Kenako amayi akuti, "Wapita? Wapita. Tae-ik, mwana wanga, izi ndi za makutu ako okha. Ndatopa kuzisenza ndekha, ndikufuna mmodzi adziwe ndisanafe. Mlongo wako asamve. Ndili moyo asamve, nditafa asamve. M'nyumba imene ija ndinamulowetsa ndine, ndikudziwa zonse. Munthu uja atagwada pabwalo panga ndinafuna kumuthira madzi owira. Koma ndinayang'ana mwana wanga, wa zaka makumi awiri, wopanda womufuna, ndinati bola adye. Wadya, wavala, sanamenyedwepo. Akadzamva adzadana nane, ndipo ine ndidzakhala kopanda pakamwa poti ndimuyankhe. Wamva, Tae-ik? Usandipereke."

Kenako akutsokomola, n'kuyamba pamene buku lanu layambira.

Munawatumizira uthenga woti mwamva. Ndinawauza ndine, ndi pakamwa panga, osadziwa chomwe ndikunena. Anamwetulira tsiku limenelo, anadya phala lonse.

Mwafunsa za kuno. Denga likudontha. Alamu anu amabwera Loweruka kudzakonza izi ndi izo, timayankhulana za mitengo ndi za mvula. Si munthu woipa, koma ndikayang'ana manja ake ndimawerenga zala. Mi-ran anapita ku Busan kukagwira ntchito kufakitale ya nsapato, komwe kulibe omudziwa. Mdala uja akadali m'kanyumba ka makatoni. Watha, wangotsala maso. Mwezi watha ndinadutsa kumundako ndinamupeza akulephera kuyatsa moto. Ndinamuyatsira, ndinamuikira mphika, ndinachoka, ndipo ndinakasanza kuseri kwa mpanda. Sindikudziwa ngati ndinasanza chifukwa chomuthandiza kapena chifukwa chomusiya. Munthu ameneyu ndinkamutchula bambo ndi mtima wonse, ndipo bambo wina sindinamuonepo.

Koma mdalayo si amene akundisowetsa mtendere. Amayi analondola. Ndikudana nawo. Ndimasesa nyumba yawo, ndimagona pamphasa pawo, ndimawafunsa mokweza kuti munandiveka bwanji zaukwati manja osanjenjemera? Munkadya bwanji manachesi omwe ndinkakubweretserani? Palibe woyankha. Kumanda kwawo sindinapiteko chiyambire Epulo, poti ali m'munda mwa munthu yemweyo. Chaka chatha ndinaika m'manda amayi omwe ndinkawakonda. Inu munabwera ndi buku lanu n'kundilanda ngakhale amenewo.

Mwina anthu a kumtunda ayenera kudziwa, sindikutsutsa. Kuno aliyense ali ndi wake amene anapita kumunda wa mbatata. Mukanabwera, mukanakhala pansi n'kundiuza, mwina patapita zaka ndikanakuuzani ndekha kuti lembani, ndipo mulembe ndi mayina omwe. Simunandifunse. Munafunsa Maeng.

Mwezi wamawa chikwana chaka. Mwambo wa chikumbutso chawo ndi wanu, ndinu mwana wamwamuna. Mbale zili m'kabati, kiyi ndidzasiya pansi pa mtsuko wa pakhomo. Mubwere ndi wokuphikirani, ine ndidzakhala m'madzi.

Za mawu mwafunsa aja. Ndikuwadziwa. Si a m'mudzi, n'chifukwa chake nkhalamba zanu zalephera. Anali a anthu awiri okha, amayi ndi bambo anga. Amayi ankandiuza mawu amenewo ndili mwana, ndikachewuka pageti popita kusukulu, ndipo sanawanenepo kwa inu kapena kwa bambo anu. Tanthauzo lake anandiuza tsiku la ukwati wanga, akundipesa tsitsi. Awiri aja anapita. Pa dziko lonse lapansi ndatsala nawo ndine ndekha.

Ku msonkhanoko mukawauze kuti wofunsidwa wachiwiri, wamkazi, wa zaka 41, anakana kuyankha.

Bu Gye-ok